Simenti ya Papepala

Lolemba cha m'ma 8 koloko m'mawa, Atayi anaika pepala pa kauntala ya sitolo ya zipangizo zomangira, n'kulisalaza ndi dzanja.

"Alamu, sitolo yafa," anatero.

Mwini sitoloyo anali mayi wamasiye. Chimwalirire amuna awo, mabuku ankalemba ndi mng'ono wa malemuyo, munthu wosavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. N'chifukwa chake anthu ankangowatchula Atayi.

"Mbali iyi ndi zomwe tili nazo: katundu, mashelefu, ndalama za kubanki. Mbali iyi ndi ngongole. Ngongole zaposa. Sainani apa mundigulitse, ndikuchotsereni manyazi."

Mayiwo sukulu sanapite nayo patali, koma chala chawo chinatsika pepalalo pang'onopang'ono mpaka chinaima pa mzere wonenepa kuposa yonse.

"Iyi ndi ya chiyani?"

"Simenti. Matumba 600. Tinatenga pangongole mu Febuluwale, ulendo umodzi."

"Ndisaina Lachinayi," anatero, akumwetulira.

Atayi atachoka, mayiwo analowa m'chipinda chosungira katundu. Mtima wawo unali m'malo. Munthu ukakongola simenti, umakhala ndi matumba kapena ndalama zake. Apa panalibe matumba, panalibe ndalama. Komanso chipindacho ankachisesa okha tsiku lililonse: chimadzaza ndi matumba 200, ndipo chitseko chimatsekeka movutikira. Atayi akanadziwa bwanji? Munthuyo fumbi ankaliopa kuposa jakisoni.

Masana omwewo anakafotokozera wapolisi wamkazi woona milandu ya chinyengo. Wapolisiyo anayang'ana risiti ya simentiyo imene mayiwo anabweretsa, n'kuseka.

"Auzeni kuti mwapeza ndalama kwa abale. Mwini ngongole abwere adzalandire yekha."

Lachinayi 10 koloko, Atayi anafika ndi bambo wa jekete lobwereka, manja osalala, akununkhira mafuta a tsitsi. Wapolisi uja anali pakona m'zovala wamba, akusankha maloko.

"Ndinu a simenti?" anafunsa mayiwo.

"Ndine amene."

"Munabweretsa pa galimoto yanji?"

"Ya matani awiri."

"Ulendo umodzi?"

"Umodzi basi."

"Thumba limodzi limalemera bwanji?"

Bamboyo anayang'ana Atayi. Atayi anayang'ana denga.

"Makilo... khumi?"

Mmisiri wina amene ankagula misomali anaseka mpaka kugwira kauntala. Wapolisi anaika maloko pansi, n'kutulutsa chiphaso.

"Bambo, ntchito yanu yeniyeni ndi chiyani?"

"Ndimameta anthu, bwana. Awa ndimawameta Loweruka lililonse. Anati ndingosaina risiti, adzandigulira makina atsopano."

"Wabodza uyu!" anakuwa Atayi, akulowera kukhomo. Pakhomopo panali pataima kale wapolisi wina, wamtali ngati chitseko chomwecho. Unyolo unali umodzi, choncho anawamangirira pamodzi, wometa ndi wometedwa.

"Alamu, tikambirane ngati abale," anadandaula Atayi.

Mayiwo anatenga cholembera, n'kudula mzere wa simenti uja, kenako anawonkhetsa okha mbali zonse ziwiri, akunong'ona manambala. Anabwereza kachiwiri. Zomwe sitolo inali nazo zinaposa ngongole kutalitali. Anasangalala mpaka misozi inalengeza, pakuti sitolo imene anaimanga ndi amuna awo inali yamoyo ndithu.

"Zatsala zingati, mayi?" anafunsa wapolisi wamkazi uja.

"Zokwana kulipira aliyense amene amandiitanitsa," anatero akupukuta m'maso. "Koma za loya wa alamu angazi palibepo."