Pamene Madamu Solange Anakhala Chete

Basi ya ku Oadby inali isanadutse n'komwe pa siteshoni ya sitima pamene Atuweni Matola anayamba kugwedeza mwendo. Anatsegula chikwama, anasuzumira kamera ya sukulu, anatseka, kenako anatsegulanso ngati kuti kamerayo ikanamera miyendo. Amayi ake, omwe anali mu yunifolomu yawo ya ntchito yosamalira okalamba, anamugwira bondo.

"Atu, usiye mwendowo. Ukugwedeza basi yonse."

Atuweni anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chibadwire sanakhalepo pamalo amodzi mpaka tiyi kuzizira. Sukulu yawo inkafuna kusankha wophunzira mmodzi yekha woti akaphunzire kujambula mafilimu ku Nottingham pa tchuthi chachikulu. Aphunzitsi awo, a Shabana, anati aliyense wofuna mwayiwo ajambule filimu yaifupi yonena za ntchito ya munthu wina. Atuweni ankawafuna malowo mpaka kusowa tulo. Loto lake linali lodzajambula mafilimu a zamoyo za m'nyanja zikuluzikulu, zomwe zinkaseketsa anthu, poti Leicester ndi mzinda woti nyanja ili kutali mbali zonse. Mnzake Uzma anasankha kujambula amalume ake ophika maswiti ku Belgrave. Atuweni atamva anaseka chamumtima. Maswiti angapose nyanja?

Iye anali ndi munthu woposa onse. Pakati pa okalamba amene amayi ake ankawayendera panali gogo wina wa ku France, Madamu Solange Kervella. Ali mtsikana ankachita zisudzo m'mafilimu kwawoko, kenako anasiya n'kuyamba kujambula nsomba ndi anangumi pansi pa nyanja. Ankakhala kwa mwana wawo ku Oadby, koma mlungu wotsatirawo ankabwerera kwawo ku Brittany osadzabweranso. Anavomera kucheza ndi Atuweni masana amenewa okha.

Amayi anayamba kumulangiza kuti Madamu anadwalapo sitiroko, choncho mawu awo amabwera pang'onopang'ono. Polongosola anakweza chibwano, n'kutsinzina diso limodzi, n'kuyankhula ndendende ngati gogoyo, mpaka bambo wa pampando wakutsogolo anacheuka. Amayi a Atuweni anali otero. Ankatha kutsanzira abusa, woyendetsa basi ngakhale bwana wawo wa ku ntchito, koma Atuweni anali atazolowera moti sankasekanso.

"Ndiye usawathamangitse," anatero amayiwo. "Paja amati kuona maso a nkhono..."

"Ndikudziwa, Mami, ndikudziwa. Tatsala pang'ono kutsika."

Atafika, anapeza Madamu Solange atakhala pafupi ndi zenera, atafunda kansalu kobiriwira m'khosi. Anali ochepa thupi, tsitsi lonse mbuu, koma maso awo anali akuthwa. Pakhoma panali zithunzi ziwiri. Pa china panali mtsikana wokongola atavala diresi lalitali, anthu akumuombera m'manja. Pa chinacho panali munthu wovala zakuda thupi lonse, atanyamula chikamera chachikulu ngati mgolo, ndipo nkhope yake sinkaoneka n'komwe. Amayi analowa kukhitchini kukakonza mankhwala ndi chakudya cha madzulo, n'kuwasiya awiriwo akucheza m'Chingerezi.

Atuweni anaimika kamera, anadina batani, kanyali kofiira kanayaka. Mafunso anali nawo ambirimbiri ndipo anayamba kuwaponya motsatizana. Munachita mafilimu angati? Nsomba yolusa ija, shaki, inakuthamangitsanipo? Nangumi ndi wamkulu bwanji? Madamu ankati akayamba kuyankha, mawu n'kuwathawa pang'ono, Atuweni ankawamalizira chiganizo n'kulumphira funso lina. Gogoyo anangomuyang'ana ndi diso limodzi lija, osadandaula.

Zina zinamvekabe. Anafotokoza kuti atasiya zisudzo palibe amene ankafuna kupatsa mkazi kamera, moti kwa zaka zingapo ntchito yawo m'sitima ya pamadzi ya ojambula inali kukulunga zingwe ndi kutsuka magalasi a anzawo. Anatinso nsomba siithamangitsidwa. Ukaitsatira umangojambula mchira wake. Wojambula weniweni amatsikira pansi, n'kukhala pambali pa mwala mpaka nsomba zitamuyesa mwala, kamera ili chiyakire. Atuweni anagwedeza mutu, koma maso ake anali kale pa funso lotsatira.

"Nanga n'chifukwa chiyani munasiya zisudzo, pomwe munali otchuka?"

Madamu sanayankhe. Anatembenukira ku chithunzi cha munthu wovala zakuda uja. Milomo yawo inagwedera pang'ono, n'kutsekanso. M'nyumba munangoti zii, kupatula wotchi ya pakhoma ndi madzi otuluka pampopi kukhitchini. Mwendo wa Atuweni unayambanso. Anaganiza kuti gogoyo waiwala funso, kapena tulo tawagwira, ndipo anadandaula kuti batire ikungothera kujambula munthu woyang'ana khoma. M'thumba foni inanjenjemera. Anadina batani, kanyali kofiira kanazima, ndipo anatulutsa foni kuti aone zomwe Uzma walemba.

Ali chiweramire choncho, anamva mawu otsika kwambiri, osiyana ndi amene ankayankha mafunso aja.

"Anandiponya m'madzi tsiku lonse," anatero Madamu. "Mufilimu ina ndinali mkazi wa msodzi, wogwa m'bwato. Ndikavuuka, mkulu wa filimu ankati tsitsi silinagwe bwino, bwerezanso. Ndinazizidwa mpaka zala kuuma. Ulendo womaliza ndinamira kwambiri, ndipo ndinatsegula maso."

Atuweni anaiwala foni m'manja. Gogoyo anati pansipo, pamng'alu wa mwala, panali kanyama ka miyendo isanu ndi itatu kotchedwa okitopasi. Kanawayang'ana, kanasintha mtundu, kenako kanatambasula mwendo umodzi n'kuwakhudza chala. Kuyambira ali mwana, aliyense wowayang'ana ankafuna kuti amwetulire, alire kapena atembenuke chakuno. Kanyamako n'koyamba kuwayang'ana popanda kufuna kalikonse. Anakhalitsa pansipo mpaka amuna awiri anadumphira m'madzi poganiza kuti amira.

"Atandivuula ndinkalira. Iwo anaombera m'manja, ati ndachita bwino zedi. Sanadziwe kuti ndikulirira kubwerera pansi."

Msozi umodzi unatsika pa tsaya la gogoyo, ndipo sanaupukute. Atuweni anamva tsemwe thupi lonse. Iyi ndiyo inali filimu yake, ya ku Nottingham yeniyeniyo. Anatembenukira ku kamera mwachimwemwe, ndipo mtima wake unangoti phwii. Kanyali kanali kozima.

Manyazi anamugwira, koma mantha anaposa manyaziwo. Anapepesa mobwerezabwereza, n'kuchonderera kuti Madamu anenenso nkhani ija kamodzi kokha. Gogoyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Kubwereza ndimatha, mwanawe. Inali ntchito yanga. Koma uona wekha."

Anawongola msana, anakonza kansalu ka m'khosi, anatembenuzira ku zenera tsaya limene linkaoneka bwino. Kanyali katayaka, anafotokoza nkhani yonse bwinobwino, manja akuvina m'mwamba, mawu akukwera ndi kutsika pamalo pake. Sanakakamire paliponse. Pamapeto anagwira pamtima n'kutsinzina. Atuweni anapumira m'mwamba, nati zatheka, mwinanso zaposa poyamba paja. Amayi ake anali ataima pakhomo la khitchini ndi kapu ya madzi m'manja, akuonerera.

Masiku otsatirawo Atuweni anakhalira kudula ndi kulumikiza filimu yake pa kompyuta ya ku laibulale ya sukulu. Apa m'pamene anayamba kudzimva yekha. Paliponse pamene Madamu ankatsegula pakamwa, mawu a Atuweni ankagwerapo. Anayesa kuwachotsa, koma akawachotsa mayankho a gogoyo ankatsala oduka mutu ndi mchira. Anaimirira, anazungulira tebulo, anakhalanso. Anathamangira kwa amayi ake kuwapempha kuti akapemphenso tsiku lina, koma iwo anati nyumba ya ku Oadby yadzaza makatoni, ndipo Madamu atopa moti mwana wawo waletsa alendo.

Tsiku loonetsa mafilimu, a Shabana anazimitsa magetsi m'kalasi. Filimu ya Uzma inayamba. Amalume ake ankatakasa mkaka mu chiwaya chachikulu, osayankhula, nthunzi ikukwera. Kamera sinasunthe. Atuweni anafuna kuyasamula, koma mwadzidzidzi bamboyo ananena, maso ali m'chiwaya, kuti mtakaso umenewo unali wa bambo awo, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene banja lawo linabwera nacho pothawa ku Uganda. Kalasi yonse inatchera khutu.

Filimu ya Atuweni inali ndi nyimbo, zithunzi zakale ndi nangumi, ndipo anzake anaombera m'manja. Koma ena atatuluka, a Shabana anamuitana n'kubwezera filimuyo pamalo pamene Madamu anatembenukira ku khoma. Nkhope ya gogoyo inali itayamba kusintha, milomo ikugwedera. Kenako chithunzi chinadumpha, ndipo Madamu anaoneka atawongoka, kansalu kali bwinobwino, manja m'mwamba.

"Apa akuchita sewero, ndipo amalitha," anatero aphunzitsiwo. "Koma apa, chithunzi chisanadumphe, amafuna kukuuza zinazake. Chinachitika n'chiyani pakatipa?"

"Ndinazimitsa kamera."

"Chifukwa?"

"Anakhala chete."

A Shabana sanamukalipire, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Anangoti diso la wojambula ali nalo, ndipo chaka chamawa mwayi udzakhalaponso. Malo a ku Nottingham anapita kwa Uzma. Atuweni anamukumbatira mnzakeyo moona mtima, kenako anakalirira kuchimbudzi. Tsiku lomwelo Madamu Solange anali m'sitima ya pamadzi, kubwerera kwawo.

Kamera inkayenera kubwezedwa Lolemba. Loweruka masana amayi anabwera kuchokera ku shifiti ya m'mawa, anavula nsapato pakhomo, n'kudziponya pampando wa kukhitchini. Anayamba kutsanzira nkhalamba ina ya ku Wigston imene inakana kusamba, ati madzi a masiku ano ndi onyowa kwambiri. Anakwinya nkhope, mawu ananjenjemera, dzanja linagwira ndodo yomwe panalibe. Atuweni anawayang'anitsitsa ngati akuwaona koyamba. Anapita kuchipinda, n'kubwera ndi kamera.

"Iwe, ukufuna kundirekoda ndili chonchi? Tsitsi ili?"

"Muli bwino, Mami. Funso ndi limodzi lokha."

Anaimika kamera pa tebulo, kanyali kofiira kanayaka. Anafunsa kuti asanabwere ku England, asanayambe kusambitsa ndi kudyetsa okalamba, ankafuna kudzakhala ndani.

Amayi anaseka pang'ono, kenako kuseka kunatha. Anayang'ana manja awo. Anatembenuza mphete pa chala. Panja basi inadutsa, ana a nyumba yoyandikana ankamenyetsa mpira kukhoma, firiji inkalira. Amayi anali chete. Mwendo wa Atuweni unayamba kugwedera pansi pa tebulo. Funso lina linafika pamilomo, ndipo analimeza. M'thumba foni inanjenjemera kawiri. Anaona dzanja lake likupita lokha ku batani, ndipo analibweza, n'kukhalira manja onse awiri.

Nthawi inapita ndithu. Kenako amayi anakweza maso, osayang'ana kamera kapena mwana wawo, koma penapake patali kuseri kwa zenera.

"Ku Zomba tinali ndi gulu la zisudzo," anayamba motsitsa mawu. "Iwe usanabadwe. Holo inkadzaza mpaka anthu kukwera m'mazenera, ndipo dzina limene ankaitana linali langa."

Analekezanso, milomo ikugwedera. Atuweni sanasunthe, ndipo kanyali kofiira kanali chiyakire.