Sindidzayamba Ndine Kukupatsani Moni

Tsiku lomwe anaonana koyamba, mnyamatayo anali pamwamba pa makwerero, tepi yakuda ili kukamwa, akulimbana ndi babu lomwe linkangophethira. Anzake ankamutchula kuti Mawaya, poti m'thumba mwake simunkasowa kachidutswa ka waya. Anamutuma kukakonza magetsi pa ofesi ina ya uphungu, kumene anthu olemedwa mumtima amakatula nkhawa zawo.

Chipindacho chinamudabwitsa. Munalibe tebulo lalikulu la abwana. Munali mipando iwiri yoyang'anizana, kabokosi ka tishu pakati, kabati yachitsulo ya maloko awiri, ndi kawailesi pakhomo kongolira motsitsa popanda womvera.

"Kawailesi aka ndikazimitse? Kakungowononga magetsi," anayankhula yekha.

"Kasiyeni," mawu a mtsikana anamveka kumbuyo kwake. "Kamathandiza kuti wodutsa pakhonde asamve zomwe zikukambidwa muno."

Mawaya anacheuka. Tepi ija inagwa, iyenso pang'onong'ono aitsatire. Abale inu, anthu okongola alipo! Koma chomwe chinamumaliza si nkhope ayi. Anali maso. Maso odekha, oti akakuyang'ana umamva ngati wamvetsedwa kale usanatsegule pakamwa.

"Ndinu eni chipinda chino?"

"Ndine mlangizi wa muno. Gwiritsitsani makwererowo, achimwene. Ife timathandiza mitima, miyendo yothyoka si mbali yathu."

"Ndiye mwandipeza. Wangawu wangodwala kumene pompano."

Mtsikanayo anaseka. "Chabwino, kalembetseni. Koma dziwani kuti mukangokhala pampando uwo, basi. Malamulo a ntchito yathu salola mlangizi kukhala pachibwenzi ndi munthu amene akumuthandiza."

"Ndachira!" Mawaya anakuwa. "Ndachiriratu, mayi!"

Babu lija linali loti n'kukonzeka pa mphindi khumi zokha. Linamutengera maola awiri.

Patangotha sabata, mafoni awo anayamba kusowa mtendere.

"Wadzuka bwanji, duwa langa? Lero ndalumikiza nyumba yonse ya anthu, koma kwanga kuli mdima chifukwa sindinakuone."

"Mabodza a amagetsi! Wadya koma?"

"Ndakhuta ndi mawu akowa."

"Mawu sakhutitsa munthu. Kadye, a Mawaya anga."

Mawaya anamupatsa mtsikanayo dzina loti Chete. Chifukwa chake? Mtsikanayu ankatha kucheza za chilichonse, mpira, nsapato, nyimbo, ana a mchemwali wake. Koma ukangomufunsa kuti, "Lero kuntchito kunabwera ndani?" ankangomwetulira. Mawaya anayesa kumunyengerera, anayesa kumuseketsa, anayesa kunyanyala. Zonse zinakanika.

"Ngakhale ine, wapamtima wako?"

"Ngakhale iwe. Nkhani zimenezo ndimangosungitsidwa. Zimatuluka pokhapokha moyo wa munthu uli pachiswe, kapena khoti litalamula. Ndipo zimenezo ndimamuuziratu munthu tsiku loyamba."

"Umawauzanso chiyani tsiku loyambalo?"

"Ndimati: tikakumana kunja, sindidzayamba ndine kukupatsani moni. Mukandipatsa, ndidzayankha. Mukandidutsa, nanenso ndidzakudutsani."

"Aa! Si mwano umenewo?"

"Taganiza. Munthu ali ndi mwamuna wake pamsika, ine n'kumukuwira kuti muli bwanji. Mwamunayo afunsa kuti mumadziwana bwanji ndi mlangizi. Ayankha chiyani? Moni wangayo wamuulula."

Mawaya anangoti kukamwa yasa. Iye anakulira pakati pa anthu oti nkhani ikalowa khutu ili, madzulo yafika kumsika. Kodi padzikoli pali munthu woti amatha kunyamula zinsinsi za anthu mazana, n'kumayendabe mowongoka chonchi? Anamugwira dzanja mwaulemu, ngati akugwira chinthu chosweka.

"Chete wanga, ine ndikukulonjeza. Sindidzakukayikira, zivute zitani."

Malonjezo a anyamata! Amatuluka mosavuta bwanji.

Mawaya anali ndi munthu mmodzi amene mawu ake sankawaphwanya: achemwali ake aakulu. Makolo awo atamwalira, ndi iwo anamulera, kumusambitsa, kumukwapula, kumuperekeza kusukulu ya ntchito zamanja. Anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina, mayi woti akakhosomola ana mazana asanu amakhala duu. Abale onse ankati achemwali ndi mwala. Ngakhale pamene mwana wawo anamwalira atangobadwa, zaka zitatu m'mbuyomo, palibe anawaona akugwetsa msozi.

Lamlungu lina masana, Mawaya anamutenga Chete kuti akamuonetse. Anakhala pabalaza, pansi pa chithunzi cha makolo. Mawaya ankangogwedeza mwendo.

"Usaope," ananong'ona. "Amaoneka olusa, koma akukonda."

Achemwali anatulukira atanyamula thireyi ya makapu. Anakweza maso. Makapu aja anayamba kugundana okha, imodzi inatsetsereka, phwaa pansi!

Chete anaimirira mwaulemu, manja pamodzi, mutu wowerama pang'ono. Anadikira.

Achemwali sananene kanthu. Chete nayenso sananene kanthu. Wotchi yapakhoma inkamveka ngati nyundo.

"Achemwali, alendo aja ndi awa," Mawaya anatero, thukuta lili kamukamu.

"Ndawaona," anayankha. Anaika thireyi patebulo, n'kubwerera kukhitchini. Sanatulukenso.

Inu owerenga ndikuuzeni, poti Mawaya sankadziwa. Chete ankawadziwa mayi amenewa. Kwa miyezi isanu ndi iwiri, Lachinayi lililonse masana, ankakhala pampando uja pafupi ndi kabokosi ka tishu. Uphunguwo unatha zaka ziwiri m'mbuyomo. Dzina lomwe linali m'faelo linali la kubanja la amuna awo, n'chifukwa chake Chete sanaganizeko n'komwe kuti angakhale achemwali a Mawaya.

Madzulo omwewo achemwali anamukhazika pansi mlongo wawo.

"Mkazi uja ayi."

"Walakwanji?"

"Wonyada! Walowa m'nyumba mwanga, ndi moni womwe osandipatsa. Ndipo mbiri yake ndinaimva. Amapasula mabanja a anthu ameneyu, amatenga nkhani za eni n'kumaziwanditsa. Usankhe, iwe. Ine amene ndinakulera, kapena iyeyo."

Mawaya anathamangira kwa Chete mutu utatentha. Anamupeza akuanula zovala pachingwe.

"Tandiuza zoona. Iwe ndi achemwali mumadziwana?"

Chete anapinda bulauzi yomwe inali m'manja, pang'onopang'ono. "Funso limenelo sindiyankha. Kaya ndi la achemwali ako, kaya ndi la munthu wina aliyense."

"Ungonena kuti ayi! Mawu amodzi okha!"

"Ndikanena kuti ayi lero, tsiku lomwe ndidzakhale chete udzadziwa kuti ndi inde."

"Akuti umapasula mabanja! Akuti umawanditsa nkhani za anthu! Sudziteteza?"

"Wakhala nane miyezi isanu ndi itatu. Ndakuuzapo nkhani ya ndani?"

Funsolo linamukwiyitsa kwambiri Mawaya. "Ndiye kuti pali chomwe ukubisa. Munthu wosalakwa sakhala chete chonchi!"

Misozi inalengeza m'maso mwa Chete, koma pakamwa panakhalabe potseka.

M'mawa mwake Chete anapita kwa mayi wina wachikulire amene ankayang'anira alangizi onse pa ofesipo. Sanatchule dzina la munthu. Anangofotokoza mmene zinthu zakhalira, kenako analira ngati mwana.

"Amayi, ndikungofuna kumuuza chiganizo chimodzi. Chimodzi chokha, amvetsa zonse!"

"Ndikudziwa, mwana wanga," anatero mayiwo, akumukankhira kabokosi ka tishu. "Koma chiganizocho n'chako?"

"Si changa."

"Mayi ameneyo anakupatsa nkhani yake ali pansi penipeni. Lero akukutukwana chifukwa cha mantha. Chinsinsi sitisungira okhawo amene akutikonda. Faelo yake ibwere kwa ine, usadzaigwirenso. Zotsalazo, limba mtima."

Masana uthenga unalowa pafoni.

"Achemwali ndi mayi anga, ndi bambo anga. Sindingawataye chifukwa cha munthu wondibisira zinthu. Tisiyane."

Chete anawerenga katatu. Analemba zambiri, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufuta. Pomaliza anatumiza mawu awa: "Ndamva. Uziwakonda achemwali ako, ndi munthu wabwino. Uzidya."

Kenako anasamba kumaso, anayatsa kawailesi kaja, n'kutsegulira chitseko munthu wotsatira. Mtima wotere amaugula kuti?

Miyezi itatu inadutsa. Mawaya anasiya kuimba mluzu. Malaya anayamba kumukulira. Tsiku lina anagwira waya wamoto osazimitsa kaye magetsi, chinthu choti ngakhale wophunzira kumene sachita, ndipo anabwera kunyumba dzanja lili ndi bandeji.

Achemwali nawo sankapeza mtendere. Foni ya mlongo wawo ikalira, mtima unkagunda. Ankadikira tsiku lomwe adzalowe n'kuwayang'ana ndi maso achilendo. Munthu amene wamunyoza chonchija, wamulanditsa mwamuna, angalephere bwanji kubwezera? Koma masiku ankangopita, kuli zii.

Loweruka lina, akumumanga bandeji yatsopano, anafunsa mosayang'ana kumaso.

"Mtsikana uja anakuuza chiyani za ine?"

"Palibe."

"Usandinamize."

"Palibe, achemwali! Ndinamukakamiza, ndinamukalipira, ndinamusiya. Mawu ake omaliza anali oti ndizikukondani, ndinu munthu wabwino."

Bandeji ija inagwa m'manja. Mwala uja unasweka, Mawaya akuona ndi maso ake. Achemwali anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kulira kulira komwe anakubisa zaka zitatu.

"Mwana wanga atamwalira, ine ndinafa naye," anatero akusisima. "Inu munkati ndine wolimba. Ndinkapita kusukulu, kubwera, kuphika, koma m'kati munalibe munthu. Ndinafika poganiza zodzichotsa padziko. Lachinayi lija ndinkati ndikupita kumsonkhano wa aphunzitsi, ndinkapita kwa iyeyo. Ndi amene anandigwira dzanja mpaka ndinavomera kuonana ndi adokotala. Kuti lero ndikukumanga bala ili, ndi chifukwa cha mtsikana ameneyo."

Achemwali anapitiriza.

"Nditamuona pabalaza paja ndinachita mantha. Ndinati basi, aliyense adziwa, azinena kuti aphunzitsi aakulu mutu unasokonekera. Moni uja sanandimane, ankadikira ine, monga anandilonjezera. Zonse ndinakuuza zija ndinapeka, mlongo wanga. Ndinapeka!"

Mawaya anagwada n'kuwakumbatira. M'mutu mwake munkangobwera chithunzi chimodzi: Chete ali pachingwe cha zovala, misozi ili m'maso, chiganizo chomupulumutsa chili pamlomo, koma osachitulutsa. Anachita mantha ndi ulemu nthawi imodzi. Iye analonjeza kusakayika, n'kugwa pa mayeso oyamba. Mtsikana uja analonjeza mlendo, n'kusunga lonjezolo mpaka kutaya chikondi chake!

"Andikhululukira koma?" anafunsa.

"Valani nsapato, bambo," anatero achemwali akupukuta maso. "Wolakwa wamkulu ndine. Ndiyamba ndine."

Lolemba madzulo, anthu akuweruka, Chete anaima pamalo okwerera basi pafupi ndi ofesi, chikwama chili paphewa. Anali ataonda nayenso. Atakweza maso anaona anthu awiri akuwoloka msewu. Mtima unagunda, koma anayang'ana kumbali, monga mwa lamulo lake.

Achemwali anaima patsogolo pake. Anakonza mawu, mawu aja oopedwa ndi ana mazana asanu.

"Muli bwanji, alangizi anga?"

Anthu onse pamzerepo anacheuka. Chete anawayang'ana.

"Ndili bwino, mayi. Kaya inu?"

"Ndili moyo. Ndipo amene akumva amve, ndili moyo chifukwa cha inu. Ndinakulakwirani, mwana wanga. Ndikhululukireni."

"Zinatha, mayi," Chete anatero motsitsa. "Koma mudziwe kuti sindingadzakhalenso mlangizi wanu."

"Ndani akufuna mlangizi? Ine ndikufuna mulamu!"

Apo Mawaya anali atagwada kale pafumbi, akusanthula m'thumba ndi dzanja labwino lija. Anatulutsa waya wofiira. Anatulutsa tepi. Anatulutsa kasikulu. Anthu anayamba kuseka. Pomaliza mphete inatuluka, itakodwa m'kachidutswa ka waya.

"Chete wanga, ndinaphwanya lonjezo. Sindikuyenera, ndikudziwa. Koma ndiphunzitse kusunga mawu ngati iwe. Undilole ndikhale mwamuna wako."

Chete anamuyang'ana. "Unandipweteka, Mawaya."

"Ndikudziwa."

"Ndipo mafunso ena sindidzakuyankha mpaka kalekale. Udzapirira?"

"Ndidzapirira, duwa langa."

"Waondanso bwanji? Ndinati uzidya." Anatambasula dzanja, misozi ikutsika. "Ndavomera."

Kondakitala wa basi anaimba m'manja, amayi ena anakuwa ndi chimwemwe, achemwali akulira poyera osabisanso nkhope.

Ali m'basi, atakhala mothinana atatu, Mawaya anaweramira kukhutu kwa Chete.

"Ndiye Lachinayi lililonse ankabweradi kwa iwe? Panopa ungandiuze, anena okha pagulu."

Chete anayang'ana mphete pachala chake, anayang'ana achemwali, kenako anamwetulira.

"Funso limenelo sindiyankha."

Achemwali anagwira dzanja la mulamu wawo, ndipo sanalisiye mpaka anatsika.