Mchenga m'Mapazi mwa Kapitawo

Galu amene wagona m'boti pakati pa madzi sayenera kudzuka ndi mchenga m'mapazi. Mayi ndiwo anayamba kuuona mchengawo, wonyowa, utamwazika kuchokera kuchiwongolero mpaka pakhomo la kachipinda kogona.

Botilo, lamatanga oyera, linali la mwana wawo mzime, ndipo galuyo analinso wake. Anamutcha Kapitawo chifukwa ntchito yake inali kukhala kutsogolo n'kumayang'anira ena akukoka zingwe. Chaka chatha mphepo inagwetsera mnyamatayo m'nyanja. Asodzi anapeza boti likungozungulira, galu atasasa mawu ndi kuuwa. Mtembo sunapezeke, ndipo maliro analira opanda bokosi. Tsopano Bambo ndi Mayi ankalondola gombe pang'onopang'ono, kukapereka botilo kwa wogula kudoko lakutali. Kukamada ankaponya nangula pamalo obisika ku mphepo, kabwato kopitira kumtunda katamangidwa kumbuyo.

"Abambo ake, galuyu anapita kumtunda usiku?" anafunsa Mayi.

"Pa chiyani? Wayamba kupalasa yekha, ulesi wake uja?" Bambo anaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha. Anatunga madzi m'ndowa n'kutsuka mchengawo.

M'mawa wotsatira mchenga unaliponso, ndipo nkhafi za kabwato zinali zonyowa. Chichitikire ngoziyo, Mayi sankagona popanda mapiritsi a adokotala, choncho usiku ankaumva ngati munthu amene wafunda mabulangete ambiri. Komabe pansi pa tulo tolemerato anamva zikhadabo za galu zikugogoda matabwa, chingwe chikukhula m'mbali mwa boti, kenako likhweru lotsika pansi, lothyoka kumapeto. Anali mmodzi yekha padziko amene ankaitana Kapitawo chotero.

Atakocheza pakadoko kena kuti atunge madzi akumwa, mayi wogulitsa buledi anamuyang'anitsitsa galuyo n'kutsitsa mawu.

"Asodzi akuti usiku pagombe pakumayenda munthu ndi galu ngati ameneyu. Nyali alibe. Amaima, kuyang'ana kumadzi, n'kumaitana. Paja amati womira sapita patali ndi boti lake."

Bambo anati ndi nkhani za anthu osowa chochita. Koma Mayi tsiku limenelo anadya n'kumaliza, koyamba m'miyezi yambiri. Madzulo anatulutsa juzi ya mwana wawo, naipinda bwinobwino pafupi ndi chiwongolero, pambali pake kapu ya tiyi yovundikira.

"Kunjaku kukuzizira," anatero. "Ndipo boti ili sitipereka. Akabwera n'kupeza alendo, adzalowera kuti?"

Bambo anayang'ana kumbali. Zinawapweteka kwambiri kuona mkazi wawo akusangalala.

Usiku wotsatira Mayi anabisa piritsi pansi pa lilime, kenako n'kulilavulira m'dzanja. Mwezi kunalibe. Mdima unali woti ungaugwire, ndipo chingwe china chinkamenya mlongoti mwapang'onopang'ono ngati munthu wogogoda mwaulemu. Anadikira, tulo tinawaba, ndipo anadzidzimuka ndi phokoso la nkhafi zikuyandikira, khuvu, khuvu, galu akupumira m'mwamba. Anakwawa kutuluka m'kachipinda, tochi ili m'manja. Dzanja linagwira m'mphepete mwa boti. Mutu unatulukira.

"Mwanangu," ananong'ona Mayi. "Usaope, ndine amako."

Anayatsa tochi. Kuwala kunagwera pa imvi za Bambo.

Bambo anakhala pansi, thalauza ili yonyowa mpaka m'mawondo.

"Ndimati mwina Kapitawo anganunkhize pamene madzi anamusiya. Gombe lililonse timalifufuza, iye ndi ine. Ngakhale fupa limodzi, amayi ake, tikaike m'manda ngati anthu."

"Nanga likhweru lija?"

"Sabwera ndikamuitana mwanjira ina."

"Munandiona ndikupinda juzi. Munandiona ndikuthira shuga."

"Munali mutayamba kudya. Ndinasowa poyambira."

Mayi sanakuwe. Analira mwakachetechete, nkhope ili m'juzi ija, kenako anati, "Mwandiphera mwana kachiwiri."

Mawa lake Bambo anakokera kabwato pamwamba pa boti, nakavundikira, nakamanga ndi zingwe. Nkhafi anaziika pansi pa bedi la Mayi. Anayenda tsiku lonse osalankhulana, ndipo madzulo anaponya nangula kutali kwambiri ndi kumtunda, gombe likuoneka ngati kaulusi. Mayi sanaike tiyi. Juzi yokha inatsala panja, chifukwa panalibe amene anali ndi mtima woichotsa.

Kutangocha Bambo anatuluka. Kabwato kanali chivundikirire, mfundo zili momwe anazimangira. Kapitawo anali atagona pa juzi, ubweya wake uli gwa, wouma, akugwedeza mchira m'tulo ngati galu amene wakumana ndi mwini wake. M'mapazi mwake munali mchenga wonyowa, ndipo wina unali utamwazika mpaka pakhomo la kachipinda.

Bambo anauyang'ana mchengawo. Kenako anatenga ndowa mwakachetechete, kuti atsuke Mayi asanadzuke. Atawerama kuti atunge madzi anamva mawu kumbuyo kwawo.

"Abambo ake. Musatsuke."