Nthanda Sakufuna Kusokedwa

Nthanda anali mtsikana wa ku Chulu. Iye ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kudya mondokwa wootcha.

Chaka chimenecho abambo ake analandira kuponi ya feteleza. Chimanga chinakula mpaka kuwapitirira msinkhu. Koma Nthanda ankangochiyang'ana. Akadya, mimba inkatupa. Inkalimba ngati dzungu. Ankatha masiku osachita chimbudzi. Zinkamupweteka kwambiri.

Amayi anapita naye kuchipatala chachikulu ku Lilongwe. Adokotala anagwira mimba. Anamvetsera mimba. Anajambula mimba.

"Nthanda, matumbo amakankha chakudya," anatero adokotala. "Koma kachigawo kena ka matumbo ako sikakankha. Kamangogona. Tidzachita opaleshoni. Tidzadula kogonako, kenako tidzasoka."

Nthanda anabisala kumbuyo kwa amayi.

"Ayi," anatero. "Ine sindikufuna kusokedwa."

Kusoka ankakudziwa bwino Nthanda. Abambo amathyola fodya. Amayi amasoka fodya. Kenako amamupachika m'chigafa kuti aume.

"Ukuopa chiyani, mwanawe?" anafunsa adokotala.

"Mukandisoka mundipachika m'chigafa," anayankha Nthanda. "Ndikauma mundiika m'belo. Kenako abambo akandigulitsa ku okushoni."

Amayi anaseka mpaka misozi. Adokotala anagwira pakamwa.

"Kuno kulibe chigafa," anatero adokotala. "Pita ukaone wekha."

Nthanda anasuzumira m'chipinda cha ana. Anaona mabedi. Anayang'ana kudenga. Sanaone mwana wopachikidwa ndi mmodzi yemwe.

"Kodi zidzapweteka?" anafunsa.

"Tidzakugoneka tulo. Posoka sudzamva kanthu."

"Ndikadzuka ndidzadya mondokwa?"

"Matumbo akadzuka udzayamba ndi phala. Mondokwa pambuyo pake."

"Nanga tidzadziwa bwanji kuti adzuka?"

"Adzatiuza okha," anatero adokotala.

Nthanda anaganiza. Anaganizanso. Kenako anavomera.

Opaleshoni inatha bwino. Nthanda anadzuka ndi bandeji pamimba. Anayang'ana kudenga. Anali pabedi ndithu, osati m'chigafa.

Tsiku loyamba, m'mimba munali zii. Tsiku lachiwiri, munali ziinso. Amayi anayamba kuda nkhawa.

Tsiku lachitatu abambo anafika kuchokera kumudzi. Adokotala anabwera kudzamuona Nthanda. Onse anaima pafupi ndi bedi.

Phwiii!

Nthanda anafunda chitenje kumutu. Manyazi anamugwira. Kwawo mwana saphwisa pamaso pa akuluakulu.

Koma adokotala anaomba m'manja.

"Mawu ake ndi amenewo," anatero. "Matumbo adzuka."

Amayi analulutira, kuiwala kuti ali m'chipatala. Abambo anavula chipewa.

"Mwana wanga," anatero abambo, "ngati ulipo mpweya wina, utulutse. Lero lokha sitikudzudzula."

Nthanda anatulutsa mutu. Anaseka pang'onopang'ono, kuopa bandeji.

Anayamba ndi phala. Anamwa phala, mimba sinatupe. Anabwerera kumudzi. Anamwabe phala, mimba sinatupe.

Patapita milungu, adokotala analola. Abambo anathyola mondokwa wamkulu. Amayi anamuotcha.

Nthanda anakhala pansi m'chigafa. Pamwamba panali fodya. Pansi panali Nthanda. Analuma kamodzi. Analumanso. Anamaliza yense, kunangotsala chitsononkho.

Kenako analoza pamwamba.

"Amayi, tonse tinasokedwa," anatero. "Koma fodyayu akuuma. Ine ndikunenepa."