Mapepala a Nyenyezi a Bambo Kaliwo

Chinayamba ndi chithunzi chozondoka. Linali Lachiwiri m'mawa, mu Januwale wa 1979, pamene Edness Kaliwo analowa pabalaza ndi kansalu kopukutira fumbi n'kupeza chithunzi cha pa tebulo la amuna ake chili mutu pansi. Kwa munthu wina si nkhani imeneyo. Koma m'kanyumba kawo ka ku Wheaton, ku Amerika, aliyense ankadziwa tanthauzo lake.

Chithunzicho chinali cha thabwa lakale lochokera pa chilumba cha Easter, pakati penipeni pa nyanja ya Pasifiki, lomwe linkasungidwa m'nyumba ina ya zinthu zakale mu Washington. Pathabwapo panali timalembo tozokota totchedwa rongorongo: tianthu, timbalame, tinsomba, tonse titandanda mizeremizere, ndipo padziko pano panalibe wamoyo wotha kutiwerenga. Chodziwika chinali chimodzi chokha, kuti ukamaliza mzere umodzi umazondotsa thabwalo kuti uyambe wotsatira. Ndiye chithunzi chikazondoka chokha usiku, ndiye kuti wina wawerenga mzere.

A Medson, amuna akewo, ankajambula mapu pa kampani ina ku Alexandria, koma mtima wawo unali pathabwa lija. Zaka zisanu ndi chimodzi! Iwo ankati akatswiri a kuno akusokera chifukwa anakulira pansi pa thambo lakumpoto, pomwe anthu a pachilumbapo ankaona thambo lomwe lija la kwathu ku Mchinji, kumene bambo awo ankadziwa nthawi yokonza munda poona Nsangwe zikutuluka madzulo. Anawerenga timalembo tobwerezabwereza, nayerekeza ndi kutuluka kwa Nsangwe ndi kwa nyenyezi zina, mpaka anakhulupirira kuti thabwalo ndi kalendala ya nyenyezi. Zonsezo Edness anazitaipa yekha ndi zala ziwiri, masamba mazana atatu ndi khumi ndi awiri, ndipo zinali mu katoni pansi pa tebulo. Panalibe kope lina. Lachisanu la sabata yotsatira a Medson ankayenera kukapereka katoniyo kwa katswiri wina wokalamba amene, patatha zaka ziwiri za makalata, anali atavomera kuiona.

"Mwina wazondotsa ndi mwana," anatero a Medson akumanga tayi.

"Callista safika pa tebulo lanu, mumadziwa."

"Basi ndiye mbewa zayamba sukulu."

Anaseka okha, n'kuthamangira basi.

M'nyumbamo munali munthu wachinayi, a Stafford, mlongo wake wamkulu wa Edness. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linawalephera: anabwera kudzakhala milungu iwiri, ndipo chinali chaka chachiwiri. Anali pa yunivesite chaka chachisanu ndi chiwiri, akulemba buku la digiri yaikulu lomwe palibe analionapo ngakhale tsamba limodzi. Nanga ndani akanawafunsa? Iwo ndiwo anali mwinimbumba, nkhoswe ya ukwati wa Edness, malume ake a Callista. A Medson ankawapatsa makiyi a galimoto ndi manja awiri.

Usiku wa Lachitatu Edness anadzidzimuka kutulo. Kunja chipale chofewa chinali chitaphimba zonse, moti ngakhale magalimoto a mu Georgia Avenue sankamveka. Mumdimamo anamva kaphokoso kochokera pabalaza, kosathamanga, koleza mtima: kwe, kwe, kwe, kenako zii, kenako kwe, kwe. Kankamveka ngati munthu akupala thabwa ndi chinthu chakuthwa. Anakumbukira kuti a Medson anamuuzapo kuti amisiri a pachilumba chija ankazokota timalemboto ndi dzino la nsomba yolusa yotchedwa shaki. Anagwedeza amuna ake. Pamene iwo ankati "n'chiyani?", phokoso linali litaleka. M'mawa chithunzi chinali chitazondokanso.

Lachinayi usiku kunabwera china. Edness anamva mwana akutsokomola, ndipo atalowa m'chipinda chake anakumana ndi mphepo yobaya ngati singano. Zenera linali lotsekula, katani ikuuluka, chipale chitafika mpaka pabulangeti. Callista, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, anali atadzipinda ngati kamwana ka m'mimba, milomo ikunjenjemera. Edness anatseka zeneralo, nalikhoma ndi kaloko kake. Usiku wotsatira analipezanso lotsekula.

Lamulungu, atatuluka m'tchalitchi, nkhani inali kale pakamwa pa amayi. Anaifikitsa kumeneko ndani, Edness sanadziwe. Mai Mumba, a ku Lusaka amene ankakhala ku Laurel, anamukokera pambali pafupi ndi pokoleka makhoti.

"Imwe amake Callista, vija vinthu si vabwino," ananong'ona. "Namvela ati bantu bamene benze kuziba kubelenga banafa bonse, osasala olo umozi. Manje amuna banu afuna kuukisa chani?"

Wina anati anamva za mzungu amene anagwira thabwa lotero n'kuuma dzanja. Wina anati mawu a akufa ukawatchula amabwera kudzamva ngati wawatchula bwino. Edness anabwerera kunyumba mutu uli gwa.

Pofika Lachiwiri mwana anali akutentha thupi. Dokotala anamupima, nati ndi chifuwa cha mphepo, napereka mankhwala, nafunsa mokhala ngati akudzudzula ngati m'nyumbamo muli chotenthetsera. Usiku umenewo Edness anagona m'chipinda cha mwanayo, atatsamira zenera ndi msana. Zenera silinatsekuke. M'malo mwake, tulo titangoyamba kumuba, kupala kuja kunabwera pachitseko penipeni, pansi, pafupi ndi mapazi ake: kwe, kwe, kwe. Anagwira pakamwa kuti asakuwe. Kutacha, pa tebulo la a Medson panali timapalo ta thabwa, topotanapotana, tofiirira.

Apa ndiye mkwiyo unamukwera. Anaima pakhomo la bafa a Medson akumeta ndevu.

"Bambo a Callista, mwana akutha. Inu mukuona timbalame tanuto basi?"

"Amake mwana, mapepala satsekula zenera. Pirirani mpaka Lachisanu, katoniyi ichoka."

"Lachisanu? Mwana akafa Lachinayi mukamuike mu katoni yomweyo?"

A Medson anaima lezala lili m'mwamba, akumuyang'ana. Kuyang'anako kunamupweteka Edness kuposa mawu. Zaka zisanu ndi chimodzi akutaipira munthu ameneyu, zala kuchita kutupa, lero angomuyang'ana ngati chitsiru cha kumudzi!

Masana a Lachinayi, a Medson ali kuntchito, a Stafford anamupeza kukhitchini. Anakhala pansi mwaulemu wawo wonse, nalankhula motsitsa mawu ngakhale m'nyumbamo munalibe wina womva.

"Chemwali, ine ndakhala chete chifukwa nyumba ndi ya alamu. Koma mwana uja ndi magazi athu. Akatisiya, amayi kumudzi adzafunsa ine, osati iwo."

"Ndiye nditani, achimwene? Ndiwotche katoniyo?"

"Ayi! Ukawotcha, utsi utsala m'nyumba. Wayiwala mmene timatayira tsoka kwathu? Pamphambano, usiku, wekha. Ukaike pansi, utembenuke, uzipita. Koma usakacheuke, ngakhale umve wina akukuitana ndi dzina. Ukacheuka, chibwerera nawe. Ine nditsala pano ndikupempherera mwana."

Edness sanayiwale. Ali mtsikana anaperekezapo azakhali ake kukataya madzi osamba wodwala pamphambano ya njira za kudambo, ndipo anabwerera makosi ali chilili, osayang'ana kumbuyo. Ndi mawu a mwinimbumba awa. Akanatsutsa bwanji?

Itakwana wani koloko, a Medson atagona tulo ta munthu wotopa, suti yawo ya mawa itapachikidwa pachitseko, Edness anavala chikhoti pamwamba pa chitenje, nanyamula katoni. Inali yolemera kuposa mmene ankaganizira. Anatsika masitepe mopanda phokoso, nayenda m'mbali mwa msewu, chipale chikulira phwa, phwa pansi pa nsapato. Anadutsa masitolo otseka, nafika pamphambano ina yaing'ono kuseri kwa msika waukulu wa Wheaton, pomwe nyale ya pamsewu inkangophethira yofiira popanda woilabadira. Anagwada, naika katoni pakati pa chipale. "Tengani zanu, mundisiyire mwana," ananong'ona. Anadzuka, natembenuka, nayamba kuyenda.

Anayenda mapazi makumi awiri. Kenako anamva kumbuyo kwake kulira kwa chinthu chikubwera pang'onopang'ono, chikuphwanya chipale. Anawonjeza liwiro, akupemphera chamumtima.

Chimene chinamucheutsa si kulimba mtima ayi. Unali mkwiyo. Zala zake, zozizira m'thumba, zinayamba kuwawa malo omwe aja zinkawawa potaipa, ndipo anaganiza: chinthu ichi chandidwalitsira mwana, chandidanitsa ndi amuna anga, chandisandutsa mbala m'nyumba yanga yomwe, ndiye chizipita ine osachiona nkhope? Chibwere nane, tikaonane! Anacheuka.

Pamphambano panali pataima galimoto yosayatsa nyale. Inali Datsun yawo yomwe. Buti inali yotsekula, ndipo munthu wovala chipewa chaubweya anali atawerama, akunyamula katoni ija mosamala, ngati akunyamula khanda.

Edness sanadziwe mmene anafikira pomwepo. Anangozindikira kuti wagwira katoniyo mbali imodzi, mlongo wake mbali inayo, nyale yofiira ikuwaunika n'kuwasiya, kuwaunika n'kuwasiya.

"Chemwali, wacheuka," anatero a Stafford. "Ndinakuuza kuti..."

"Mumapemphera muli m'galimoto, achimwene?"

"Ndimafuna ndikazitaye kutali, kumtsinje."

"Zenera la mwana wanga munkatsekula ndinu?"

A Stafford anayang'ana kumbali. Atazindikira kuti bodza lawathera, anasintha mawu, nayamba kulankhula ngati ali m'kalasi.

"Kamphepo chabe kaja, mwana sakanafa nako. Tamvera, Edness. Alamu alibe digiri. Akapita nazo mawa, azungu aja akawaseka, kapena akawalanda n'kulembapo dzina lawo. Zikatuluka m'dzina langa, anthu amva. Ulemuwo ndi wa banja lathu lomwe. Boma landilembera kuti mu Juni ndibwerere, digiri kaya popanda digiri. Ukufuna amayi akandilandire pabwalo la ndege ndili chimanjamanja, patatha zaka zisanu ndi ziwiri?"

"Ndiye munaona kuti kuba nokha n'kovuta, bola ndikubereni ine? Kuti amuna anga akadzafunsa, wolakwa ndikhale ine, inu muli phee, mukutiweruza?"

"Usakweze mawu."

"Ndikweza! Mwadya m'nyumba muja zaka ziwiri. Mwana uja amakuthamangirani pakhomo, amalume, amalume, inu n'kumamuthira chipale ali m'tulo? Mfiti ya kwathu imachitako manyazi, imabwera usiku n'kuchoka. Inu m'mawa mumakhala nafe pa tebulo n'kumafunsa kuti mwana wagona bwanji!"

Anakoka katoni ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo, ndipo a Stafford anaterereka n'kukhala pansi m'chipale. Ali pansi pomwepo anaponya muvi wawo womaliza.

"Ukawauza alamu, ukwati wako watha, chifukwa wanyamula katoniyo ndiwe. Ndipo ukatha, udzaukamba ndi yani? Nkhoswe yako ndine. Kuno ku Amerika ulibe wina. Chibale ndi fupa, chemwali."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinamuwawa. Akanatha kubweza katoni pansi pa tebulo mwakachetechete, a Medson n'kudzuka m'mawa osadziwa kanthu, iye n'kusunga mlongo ndi ukwati womwe. Anaganiza zimenezo njira yonse, katoni ili pamutu ngati mtolo wa nkhuni, galimoto ikumutsatira kutali osayatsabe nyale. Anayamba walowa m'chipinda cha mwana. Callista anali m'tulo, chifuwa chikulira ngati kamluzu. Edness anaima pamenepo nthawi yaitali akumvetsera.

Kenako analowa kuchipinda kwawo, nayatsa nyale, nagwada pafupi ndi bedi, katoni yonyowa pansi ili patsogolo pake. A Medson anatsekula maso, nayang'ana katoni, nayang'ana chipale chimene chinkasungunuka pa chikhoti cha mkazi wawo, ndipo nkhope yawo inagwa.

"Amake mwana, mwachokera nayo kuti?"

"Werengani kaye masamba anu, muone ngati ali onse," anatero Edness, misozi ikutsika koma mawu osagwedera. "Mukatha mundimvere. Milandu ilipo iwiri m'nyumba muno, wanga ndi wa alamu anu. Muyambe ndi wanga. Koma mundiweruze nokha, bambo, chifukwa kuyambira lero ine ndilibe nkhoswe."