Mphindi Zinayi Zopanda Sitima

Nyengo yachisanu mdima unkagwa 5 koloko isanakwane. Madzulo amenewo Wietske Hoogland anakhala m'chipinda choongolera sitima, khofi ali m'manja, akudzimva kukoma. Ndiye ankakonza ndandanda wa sitima za mumzinda, ndipo watsopano unkayamba tsiku lomwelo.

Mzindawo unali utakula mosasewera. Anthu ankapanikizana mpaka zitseko kukana kutseka. Mwamuna wake, Tjeerd, ankaimirira ulendo wonse pochokera kuntchito, bondo likumuwawa. Koma pa ndandanda wakale panali mpata wa mphindi zinayi, pa 5:42, pomwe njanji yakumpoto inkangokhala. Zaka makumi atatu palibe anaukhudza. Wietske anaikapo sitima.

"Mpata umenewo uli ndi mwini wake, mayi," anatero Wiebe, mkulu woyang'anira nyali za panjanji.

"Mwini wake ndani, achikulire? Alembe kalata."

"Ife tinaupeza, tinausiya. Mukanayamba mwafunsa. Safunsa anadya phula."

Wietske anangoseka. M'mawa anali atauza kale Tjeerd kuti akadikire ya 5:42 pa siteshoni ya Veenbrug, akapezamo mpando.

Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha njanji, sitima iliyonse ikuoneka ngati kadontho kowala kokhala ndi nambala. Yatsopanoyo inanyamuka bwinobwino. Kenaka kutsogolo kwake kunayaka kadontho kena. Kanalibe nambala.

Foni yapatebulo inalira. Anali dalaivala wa sitima yatsopano ija.

"Mwandiika kumbuyo kwa yani? Ndikuona nyali zofiira kutsogoloku."

"Kutsogolo kwanu kulibe sitima."

"Ndiye maso angawa ndikataye? Mawindo akuwala, mayi. Ikuthamanga, koma phokoso ayi."

Wietske anachita mantha zenizeni. M'sitima yatsopanoyo munali anthu mazana asanu ndi limodzi, ndipo anawaikamo ndi iye.

"Iimitseni, achikulire!"

Wiebe anadina batani. Nyali yapanjanji inafiira, sitima inaima makilomita awiri isanafike ku Veenbrug. Mtima wa Wietske unakhalako pansi.

Kadontho kaja kanapitirira. Kanafika pa Veenbrug. Kanaima. Wotchi inati 5:42.

"Imaima pamenepo?" anafunsa Wietske.

Wiebe anavula magalasi. "Imangodutsa. Kale lonse nthawi imeneyi panalibe woidikira."

Foni ya m'thumba mwa Wietske inanjenjemera.

"Mayi a Jelle, apa ndiye mwagwira ntchito!" anali Tjeerd, akuseka. "Yafika nthawi yake ndendende. Ndakhala ngati bwana, mwendo ndatambasula."

"Tsikani! Bambo a Jelle, tsikani msanga!"

"Nditsikirenji? Zitseko zatseka kale. Koma muwauze ayatse zotenthetsera, muno mukuzizira koopsa. Ndipo amene tawapezamowa, moni ndapereka kawiri, angoti maso tong'o."

"Kokani chingwe choimitsira!"

"Chingwe? Dikirani ndione. Mayi a Jelle, mawindowa bwanji sakuonetsa..."

Foni inaduka. Kadontho kananyamuka, kanayenda pang'ono, kanazima. Sitima ya Wietske inali chiimire pa nyali yofiira.

Tjeerd ndi anthu ena asanu ndi anayi sanafike kwawo. Sabata isanathe mpata uja unabwerera pa ndandanda, popanda wolemba chifukwa chake.

Aku Veenbrug amanong'onezana kuti madzulo aliwonse mayi wina amaima papulatifomu yakumpoto, pa 5:42, atanyamula jekete lachimuna. Ena amamumvera chisoni. Wiebe yekha ndiye amabwera kudzamukoka dzanja, akumuchonderera kuti achokepo, poti sitima yopanda nambala ija ikaona woidikira imaima.