Chikhodzodzo Chopanda Mwini

Masiku amenewo, pamene magalimoto a zaumoyo ankagona paliponse pomwe dzuwa lawalowera, anamwino ndi dalaivala wawo anafika pasukulu ina yakumudzi ndi kamakina kounikira m'mimba, kochepa ngati chikwama cha mwana. Ankafufuza likodzo. Mwana ankayamba wamwa makapu awiri a madzi kuti chikhodzodzo chidzaze, kenako n'kugona pabenchi, kum'paka mafuta oterera pamimba, chithunzi n'kutuluka pagalasi. Madzulo makinawo ankatsala m'kalasi atalumikizidwa ku batire, aphunzitsi aakulu n'kukiya chitseko.

Lachiwiri m'mawa ndowa ya madzi imene anaisiya yodzaza inapezeka itaphwa. M'makina munali chithunzi chopanda nambala: chikhodzodzo cha munthu wamkulu, chokhakhala mkati, chotupa mbali imodzi. Anamwino anachiyang'ana nthawi yaitali. Mwini wake akanapanda kumwa mankhwala impso zikanawonongeka, ndipo ulendo wobwerera unali Lachisanu.

Lachitatu chimodzimodzi. Mlonda ananong'oneza dalaivala kuti pakati pa usiku windo limawala mobiriwira, kapu n'kumakhula m'ndowa, kwee, kwee, kenako kupuma kwa munthu wobanika. Iye ankangofunda bulangete kumutu, poti anam'lemba ntchito yolondera akuba, osati zinazo. Amayi ena anayamba kuletsa ana awo, ati makinawo akuunika akufa. Dalaivala ankaseka, koma ankagona atakweza magalasi onse a galimoto.

Anamwino anangoti mzukwa umene umayamba wamwa madzi ndiye kuti unamvetsera bwino malangizo.

Lachinayi usiku anabisala kuseri kwa kabati. Mdima unali wandiweyani, mileme ikulira kudenga, malata akuthetheka ndi kuzizira. Kiyi anatembenuka pang'onopang'ono. Kunamveka mapazi opanda nsapato, kapu, kumeza, kumezanso. Galasi litayaka linaonetsa nkhope ya aphunzitsi aakulu, omwe sabata yonse ankakalipira ana kuti likodzo ndi matenda a osamva osambira m'madambo. Anali atakweza malaya, akudziyendetsa pamimba kachipangizo kounikira.

"Mwagwira mozondoka, aphunzitsi," ananong'ona anamwino.

Bamboyo anakhala pabenchi. Anaulula kuti patha zaka ziwiri akuona magazi pokodza, poti Loweruka lililonse amakawedza kudamu, ndipo ngakhale mayi akunyumba sadziwa.

"Ndiye ndikafole pamzere ndi ana omwe ndimawaopseza ndi mkwapulo?"

Anamwino anawagoneka, n'kuwaunika modekha mbali zonse. Impso zinali zisanakhudzidwe. Bamboyo anapumira m'mwamba, kenako anayamba kuseka chamumtima mpaka benchi kugwedera.

Mapiritsi a likodzo ankawapereka poyeza msinkhu, ndipo ndodo yoyezera ana inali itakhomedwa pakhoma.

"Imani apo, muwongoke. Chibwano m'mwamba."

Aphunzitsi aakulu anaima, zidendene zitagunda khoma, manja m'mbali.

"Chonchi, madamu?"